Ulendo wa kalavani m'matauni akale a golide ku Western Australia

Matauni a golide a mkati mwa Western Australia anamangidwa pamalo poti munthu wofuna kulima sakanamangapo mudzi. Kulibe mtsinje woyenda chaka chonse, mvula imagwa mwa apo ndi apo, ndipo nyanja zomwe zimaoneka pa mapu ndi zigwa za mchere zouma gwa. Chinakokera anthu kumeneko cha m'ma 1890 ndi golide yekha. Pomwe golide anatha, anthu anazula malata ndi matabwa n'kupita nazo kwina, kusiya misewu yotakasuka, manda, ndi nyumba zamiyala zomwe zinakanika kunyamulika. Matauni ena akadali ndi moyo, ena atsala ndi anthu owerengeka pa zala, ena latsala ndi dzina pa chikwangwani.

Kalavani, ngolo yogonamo yokokedwa ndi galimoto, ndiyo imayenera ulendo wotere, chifukwa malo ogona alendo ndi ochepa, ndipo kawirikawiri amadzaza ndi ogwira ntchito m'migodi. Koma imakutumikirani bwino pokhapokha mwawerengera zinthu zitatu musananyamuke: kulemera, madzi ndi mafuta. Njira yomwe ndikulongosola ndi yozungulira. Mukuchoka ku Perth kulowera kum'mawa mpaka Coolgardie ndi Kalgoorlie, kukhotera kumpoto kudzera ku Menzies, Kookynie ndi Leonora, kudutsa chakumadzulo kupita ku Sandstone, Mount Magnet ndi Cue, n'kubwerera ku Perth. Ndi makilomita opitirira 2,000, ndipo msewu waukulu wonsewo ndi wa tala. Patulani masabata awiri athunthu. Mukapatula sabata imodzi yokha, idzathera pachiwongolero, osaona kanthu.

Choyamba: sankhani mwezi

Nyamukani pakati pa Epulo ndi Okutobala. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, masiku otentha kupitirira madigiri 40 si achilendo, ndipo ndi nyengo yomweyo pamene mvula yamkuntho yochokera kumpoto imasandutsa misewu yafumbi kukhala phala. Mu Juni ndi Julayi masana kumakhala bwino, koma usiku kumazizira mpaka kuyandikira ziro, choncho zofunda zolemera zisatsale. Ngati mvula ya m'nyengo yozizira yagwa bwino, Ogasiti ndi Seputembala ndiyo miyezi yokoma koposa, pakuti tchire lonse la chigawo cha Murchison, komwe kuli Mount Magnet ndi Cue, limayala maluwa. Kukangoyamba kufunda ntchentche zimachuluka koopsa. Gulani kaukonde kovala kumutu pamwamba pa chipewa, ndipo musachite nako manyazi.

Chachiwiri: yesani kulemera, musangoyerekeza

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, ndiye tidekhepo. Kalavani iliyonse ili ndi kachitsulo kolembedwa manambala, nthawi zambiri kutsogolo pafupi ndi chitsulo chokokera. Tare ndi kulemera kwake isanapakiridwe kanthu. ATM ndi malire a kulemera kwake yonse itadzaza. Mukachotsa Tare pa ATM, chotsalacho ndi katundu yense amene mwaloledwa kulowetsamo, ndipo madzi, gasi, zakudya, mipando ndi zida zonse zimawerengedwa momwemo. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Matanki awiri a malita 90 akadzaza, makilogalamu 180 apita kale musanaikemo ngakhale poto.

Nayonso galimoto ili ndi malire ake m'buku lake: GVM, komwe ndi kulemera kwake itadzaza anthu ndi katundu, GCM, komwe ndi galimoto ndi kalavani pamodzi, komanso kulemera komwe ingakoke. Musaiwale kuti kalavani imatsamira pa tow ball, kachitsulo kobulungira ka kumbuyo kwa galimoto kaja, ndipo kulemera komwe yatsamira nakoko kumawerengedwa ngati katundu wa galimoto. Odziwa amati kuzikhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwa kalavani. Kukachepa kwambiri, kalavani imayamba kugwedeza mchira mukathamanga. Kukachuluka, mawilo akutsogolo a galimoto amapepuka ndipo chiwongolero chimasiya kumvera.

Chochita ndi ichi. Pakirani zonse monga mmene mudzayendere, matanki odzaza, anthu onse atakwera, mupite pa sikelo ya magalimoto. Mukapyola malire, tsitsani katundu. Apolisi amayesa makalavani pamsewu, ndipo kampani ya inshuwalansi ikhoza kukana kulipira ngozi ikachitika muli ndi katundu wopyola muyeso. Zolemera muziike pansi, pamwamba pa mawilo a kalavani, osati kumchira.

Malamulo ena ndi achidule. Ngolo yolemera kupitirira makilogalamu 750 iyenera kukhala ndi mabuleki akeake, ndipo ikapitirira makilogalamu 2,000 mabulekiwo azigwira okha ngati yaduka kuchoka ku galimoto. Ku Western Australia wokoka kalavani sapitirira makilomita 100 pa ola, ngakhale chikwangwani chilole 110. Laisensi wamba ya galimoto yaing'ono imakwanira malinga GVM isapitirire matani 4.5. Amayenda kumanzere ngati kwathu ku Malawi, ku Zambia, ku Zimbabwe ndi ku South Africa, ndiye dzanja silivuta kuzolowera. Amene mwapatsidwa chilolezo chokhazikika m'dzikomo, laisensi yakwanu imagwira miyezi itatu yokha, kenako pamafunika ya Western Australia. Ngati kalavaniyo ndi yobwereka ku kampani, werengani pangano bwinobwino, chifukwa makampani ambiri amaletsa kulowa nayo m'misewu yafumbi. Ndipo ngati simunakokepo chiyambire, pezani bwalo lopanda magalimoto muphunzire kubwerera m'mbuyo, wina ataima poonekera pa galasi n'kumakulozerani.

Chachitatu: madzi, mafuta ndi njira yoitanira thandizo

Kuchokera ku Perth mpaka Kalgoorlie mudzaona chipaipi chachikulu chikuyenda nanu m'mbali mwa msewu. Chimanyamula madzi kuchokera ku damu la Mundaring, m'mapiri a kum'mawa kwa Perth, ulendo wa makilomita oposa 500. Anachikonza ndi injiniya C. Y. O'Connor, ndipo madzi anafika ku Kalgoorlie mu Januwale 1903, akukankhidwa ndi masiteshoni asanu ndi atatu a mapampu a nthunzi. O'Connor sanawaone madziwo. Atatopa ndi kunyozedwa m'manyuzipepala, anadzipha mu Malichi 1902. Chipaipicho chisanabwere, anthu ankawiritsa madzi amchere m'zimbiya zachitsulo n'kumatchera nthunzi yake, ndipo madzi otero ankagulitsidwa pa mtengo wowawa. Matenda a taifodi anapha anyamata ambiri.

Ndakamba zimenezi chifukwa zikukhudza thanki yanu. Ku Kalgoorlie ndi komaliza kupeza madzi ochuluka osaumira. Kumpoto kwake matauni amadalira madzi a pansi pa nthaka ndi a mvula, mipopi ina imalembedwa kuti madzi ake si akumwa, ndipo malo ambiri ogona kutchire alibe mpopi n'komwe. Dzazani matanki onse pamenepo. Werengerani malita osachepera asanu akumwa pa munthu aliyense tsiku lililonse, kupatula ophikira ndi osamba. Kenako sungani padera madzi a masiku atatu m'zigubu, mkati mwa galimoto. Mwala umodzi ukhoza kuthyola kampopi ka pansi pa kalavani, thanki yonse n'kukhuthukira mumsewu inu osadziwa.

Za mafuta, musadalire nambala ya m'buku la galimoto, pakuti ikamakoka imamwa kwambiri, makamaka mphepo ikamawomba kuchokera kutsogolo. Dzazani ku Perth, mudzazenso ku Merredin, pafupifupi makilomita 260 kuchokera ku Perth, ndipo muwerengere malita omwe yamwa. Nambala imeneyo ndiyo yanu. Kuyambira pamenepo, thirani mafuta m'tauni iliyonse yomwe muwapeze, ngakhale thanki ili pakati. M'matauni ang'onoang'ono pampu imatha kukhala yolipira ndi khadi yokha, kapena kutsekedwa dzuwa lisanalowe.

Foni imagwira m'matauni ndi pafupi ndi migodi ikuluikulu, makamaka ya netiweki ya Telstra. Pakati pa matauni imangoti zii. Nambala ya ngozi ndi 000, koma popanda netiweki siithandiza. N'chifukwa chake nyamulani foni ya setilaiti yobwereka, kapena kachipangizo koitanira opulumutsa kotchedwa PLB, komwe mumakalembetsa ku AMSA, bungwe la boma lotsogolera ntchito yopulumutsa anthu. Wailesi ya UHF ndi yofunikanso: tchanelo 40 ndi ya madalaivala a malole, 18 ndi yomwe a makalavani amachezerapo, pomwe 5 ndi 35 ndi za ngozi zokha. Uzani wachibale njira yanu ndi tsiku lofika pamalo aliwonse. Galimoto ikafa kutchire, khalani pomwepo pamthunzi wake. Ofufuza ali m'ndege amaona galimoto msanga kusiyana ndi munthu woyenda pansi, ndipo anthu ambiri omwe afera m'dera lotere ndi omwe anasiya galimoto.

Onjezani tayala lapadera la galimoto ndi la kalavani, jeke woti angakweze kalavani, pampu yopopera matayala, ndi mabandeji otanuka otambalala. Njoka za kuno, monga mulga ndi gwardar, ndi zaululu woopsa. Munthu akalumidwa musatemere, musayamwe, musatsuke bala. Kulungani bandeji mothina chiwalo chonse, chimangeni ku thabwa kuti chisagwedezeke, wolumidwayo agone phee, inu muitane thandizo. Ndege za madokotala za Royal Flying Doctor Service zili ndi malo ake ku Kalgoorlie, ndipo ndi zomwe zimatumikira dera lonseli.

Chachinayi: kayendedwe pamsewu

Mudzakumana ndi ma road train, malole okoka ngolo zitatu kapena zinayi, otalika mpaka mamita oposa 50. Lole yotere siima msanga ndipo sikhota mwadzidzidzi. Ikakupezani kumbuyo musatsike liwiro mwamantha, chifukwa dalaivala amataya mphamvu yomwe amafuna kuti akupitirireni. Gwirani liwiro lanu, mulankhule naye pa tchanelo 40, ndipo akatuluka n'kufika pambali panu, m'pamene mumachotsa phazi pang'ono pa mafuta. Gwirani chiwongolero ndi manja awiri, pakuti mphepo yake imakankha kalavani kenako n'kuikoka. Kuipitirira inuyo muli ndi kalavani, ine ndimati ayi, pokhapokha dalaivalayo atakuitanani pa wailesi ndipo msewu ukuoneka patali. Mukaona galimoto yaing'ono ya nyali zachikasu ikubwera ndi chikwangwani cha katundu wamkulu, patukani mukaime kunja kwa tala. Kumbuyo kwake kukubwera makina a mgodi odzaza msewu wonse.

Musayende mbandakucha, chisisira kapena usiku. Imeneyo ndi nthawi ya kangaru, ndipo madera ambiri alibe mpanda, choncho ng'ombe, mbuzi ndi mbalame za emu zimadutsa mmene zafunira. Ziwombankhanga zikuluzikulu zodya nyama zogundidwa zimachedwa kuuluka, ndiye zilizireni hutala mukadali patali. Nyama ikalowa mumsewu pondani mabuleki molunjika, osakhotetsa. Konzani kuti pofika 3 koloko masana mukhale mutafika pogona.

Misewu yafumbi ndiyo imakafika ku malo ambiri osangalatsa. Musanalowemo funsani ku ofesi ya khonsolo kapena ya alendo, paja safunsa anadya phula. Mvula ikagwa makhonsolo amatseka misewuyi, ndipo wopezeka pamsewu wotsekedwa amalipira chindapusa. Pamsewu wa timizere tangati malata, phwetsani matayala pang'ono, chepetsani liwiro, ndipo mukabwerera pa tala muwapopenso. Miyala imagunda kutsogolo kwa kalavani n'kunjanja kudzaswa galasi la kumbuyo kwa galimoto, ndiye liphimbeni ngakhale ndi katoni. Koma nzeru yoposa zonse ndi kumasula kalavani, kuisiya pa paki ya makalavani m'tauni, n'kupita kutchireko ndi galimoto yokha.

Chachisanu: tauni ndi tauni

Tsiku loyamba musalimbane ndi makilomita pafupifupi 600 a ku Kalgoorlie. Gonani ku Merredin kapena ku Southern Cross. Podutsa ku Cunderdin imani pa siteshoni yachitatu ya mapampu aja, yomwe tsopano ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale, muone kukula kwa makina omwe ankakankha madzi.

Coolgardie ndi mayi wa matauni onsewa. Arthur Bayley ndi William Ford anapeza golide pa Fly Flat mu 1892, ndipo pasanathe zaka khumi tauniyi inali yachitatu kukula m'dera lonse la Western Australia, kutsatira Perth ndi Fremantle. Msewu wake waukulu, Bayley Street, ndi wotambalala modabwitsa chifukwa anaupanga kuti mindandanda ya ngamila izitha kutembenuka, ndipo kalavani mumaimika popanda vuto. Lowani m'nyumba yakale ya khoti la migodi, yomangidwa mu 1898. Mmenemo mudzamva za Modesto Varischetti, Mtaliyana yemwe anatsekeredwa ndi madzi mumgodi wa ku Bonnievale mu 1907. Anakhala masiku asanu ndi anayi m'kamphako ka mpweya, wosambira pansi pa madzi Frank Hughes akumupititsira chakudya, mpaka anamutulutsa wamoyo. Kenako pitani kumanda. Werengani zaka za omwe agona pamenepo, ndipo mufike kumapeto komwe kuli manda a Asilamu oyendetsa ngamila, omwe azungu ankangowatchula onse kuti ma Afghan ngakhale ambiri anachokera kumadera omwe lero ndi Pakistan ndi India. Popanda anthu amenewa chakudya ndi madzi sizikanafika m'migodi njanji isanabwere.

Kalgoorlie ili makilomita pafupifupi 40 kuchokera pamenepo, ndipo si tauni yakufa ayi. Paddy Hannan, Thomas Flanagan ndi Dan Shea anatola golide pano mu Juni 1893, ndipo mpaka lero akukumbabe. Pitani pa malo oonerera Super Pit, chidzenje chotalika makilomita 3.5 ndi kuya mamita oposa 600, mmene malole aakulu ngati nyumba amaoneka tating'ono pansi pake. Khalani masiku awiri. Pano ndi pogula zakudya za sabata yonse, kudzaza gasi ndi madzi, kukhuthula chimbudzi cha kalavani pa dump point, malo okonzedwera zimenezo, ndi kuonetsa galimoto kwa makaniko ngati pali chomwe chikulira. Mukapeza mpata thamangirani ku Kanowna, makilomita pafupifupi 20 kunja kwa tauni. Kunali anthu zikwizikwi. Lero kuli zikwangwani zokha zosonyeza pomwe panali hotela, tchalitchi kapena sitolo.

Mukalowa msewu wa Goldfields Highway kulowera kumpoto, pa makilomita 38 pali Broad Arrow, pomwe patsala bala yamalata ya mu 1896 yomwe makoma ake adzaza maina a odutsa. Menzies ili pa makilomita pafupifupi 130 kuchokera ku Kalgoorlie. Ndi tauni ya msewu umodzi, ya nyumba zamiyala zokongola, ndipo nsanja ya holo yake inakhala yopanda wotchi zaka pafupifupi 100, mpaka anaiikamo polowa chaka cha 2000. Ili ndi paki ya makalavani ya khonsolo. Makilomita 51 kuchokera pamenepo kuli nyanja yamchere ya Lake Ballard, pomwe mmisiri Antony Gormley anaimika zifaniziro zachitsulo 51 mu 2003, zoumbidwa potengera matupi a anthu a ku Menzies komweko. Zamwazikana patali, ndipo kuti muzione muyenera kuyenda pansi. Pitani m'mamawa kapena madzulo, mutanyamula madzi, mutavala nsapato zoti simudandaula nazo, chifukwa pansi pa mcherewo pali matope ofiira onanda. Galimoto salowa nayo panyanjapo. Kwa eni nthaka malowa ndi opatulika, ogwirizana ndi nkhani ya atsikana apachibale asanu ndi awiri omwe ndi nyenyezi za Nsangwe. M'mphepete muli malo ogona okhala ndi zimbudzi, koma madzi ndi obwera nawo.

Kookynie ili makilomita pafupifupi 70 kuchokera ku Menzies, mutapatuka pa msewu waukulu. Kale inali ndi anthu zikwi zingapo, mahotela angapo ndi sitima ya tsiku ndi tsiku. Lero yatsala Grand Hotel ndi mabanja ochepa pakati pa mabwinja a njerwa. Chapafupi pali Niagara Dam, damu lomwe a njanji anamanga mu 1897 ndi 1898 kuti sitima za nthunzi zizimwa, simenti yake itanyamulidwa ndi ngamila kuchokera ku Coolgardie. Litangotha, madzi abwino anapezeka pansi pa nthaka ku Kookynie, damulo n'kukhala lopanda ntchito. Ndi malo abwino ogonapo usiku umodzi kapena uwiri.

Ngati pali malo amodzi oti musawadumphe, ndi Gwalia, makilomita atatu kuchokera ku Leonora. Mgodi wa Sons of Gwalia unayamba mu 1896, ndipo mu 1898 woyang'anira wake anali mnyamata wa ku America wa zaka 23, Herbert Hoover, yemwe anadzakhala pulezidenti wa dziko lake mu 1929. Pofuna kuchepetsa ndalama zolipira antchito, Hoover analemba Ataliyana ambiri, ndipo pambuyo pake kunabweranso ochokera ku Yugoslavia. Iwowa anadzimangira tinyumba ta malata, matabwa otola ndi ziguduli zopaka laimu. Mgodi utatsekedwa mwadzidzidzi kumapeto kwa Disembala 1963, anthu anakwera sitima kupita ku Kalgoorlie m'masiku owerengeka, kusiya mabedi, mapoto ndi nsapato. Anthu odzipereka anakonzanso tinyumbato, ndipo mumalowamo momasuka. Amene agogo anu anapita ku Joni ndi Wenela, mukaima m'kachipinda ka bedi limodzi ndi sutikesi yachitsulo ku Patroni's Guest Home, simufuna wina wokufotokozerani moyo wa mwamuna wokumba golide wa eni kutali ndi kwawo. Pamwamba pa phiri pali nyumba ya bwana, Hoover House, ndi nsanja yamatabwa yotsitsira anthu mumgodi, zonse zili m'mphepete mwenimweni mwa dzenje la mgodi womwe ukugwirabe ntchito. Pafupi ndi nyumba yosungiramo zakale pali malo oimikapo makalavani, koma makalavani okhawo omwe ali ndi chimbudzi ndi madzi akeake. Perekani tsiku lathunthu.

Amene muli ndi nthawi mukhoza kufika ku Laverton, makilomita oposa 120 kum'mawa kwa Leonora. Kupitirira pamenepo ndi Great Central Road yopita ku Uluru, yomwe imafuna zilolezo zodutsira m'dziko la anthu a Ngaanyatjarra komanso kalavani yolimbira msewu woipa. Umenewo ndi ulendo wina.

Kuchoka ku Leonora dzazani thanki mpaka pakamwa. Leinster ndi tauni ya kampani ya mgodi, ndiye imbani foni kaye musanadalire kuti mukapezako mafuta. Kuchokera kumeneko kukafika ku Sandstone ndi makilomita pafupifupi 150 opanda sitolo. Sandstone ndi kakang'ono koma kaukhondo. Siyani kalavani pa paki muzungulire kamsewu kafumbi kopita ku London Bridge, mwala wobooka ngati mlatho, ndi ku phanga lomwe munthu wina anasema m'thanthwe mu 1907 kuti azisungiramo mowa pozizira. Pa mlathowo musakwerepo, ukunka nuphwanyika.

Mount Magnet, makilomita ena pafupifupi 160, ndi pothira mafuta ndi kugula zakudya. Kenako makilomita 80 kumpoto kuli Cue, yomwe ine ndimaiona kuti ndiyo yokongola koposa. Golide anapezeka mu 1892, ndipo nyumba zake zaboma zamiyala zikadali chiimire m'mbali mwa Austin Street. Pakati pa msewuwo pali kakhumbi koimbira bandi komwe kanamangidwa pa chitsime choyamba cha tauniyi. Ku Day Dawn, pafupi pomwepo, kwatsala ofesi yamiyala ya mgodi wa Great Fingall. Ku Big Bell, makilomita pafupifupi 30, kuli chigoba cha hotela yaikulu ya tauni yomwe inayamba cha m'ma 1936 n'kufa mgodi utatsekedwa mu 1955. Makilomita 48 kumadzulo kwa Cue kuli Walga Rock, thanthwe lalikulu lomwe lili ndi zojambula za anthu a Wajarri, kuphatikizapo chithunzi cha sitima yapamadzi, chikhalirecho nyanja ili kutali makilomita oposa 300. Misewu yopita ku Big Bell ndi ku Walga Rock ndi yoti mufunse kaye za mmene ilili.

Chachisanu ndi chimodzi: maenje, golide ndi eni malo

Tchire lozungulira matauni onsewa ladzaza maenje akale a migodi, ambiri opanda mpanda kapena chikwangwani. Ena aphimbika ndi matabwa owola ndi zitsamba. Mukaona mulu wa dothi loyera, dziwani kuti pambali pake pali dzenje, ndipo milomo yake imagumuka. Ana agwireni pamkono, usiku musayende popanda tochi, ndipo musalowe mumgodi wakale ngakhale pakhomo pake pakuoneka polimba. Galu akhale pa chingwe nthawi zonse, chifukwa m'mafamu a ziweto amatchera nyambo za poizoni wa 1080 wophera agalu akutchire.

Ngati mukufuna kuyesa mwayi ndi makina ofufuzira zitsulo pansi, gulani kaye chiphaso chotchedwa Miner's Right ku dipatimenti ya migodi ya boma la Western Australia. Chiphasochi sichikulolani kukumba paliponse. Malo ambiri ali kale m'manja mwa makampani. Pomwe pali laisensi yokumba pamafunika chilolezo cholembedwa cha mwini wake, ndipo pomwe pali laisensi yofufuza mumapempha chilolezo cha Section 40E. Mapu a pa intaneti a Tengraph amasonyeza malire onsewa. Dziwitsani mwini famu ya ziweto musanalowe, geti mulisiye mmene mwalipezera, ndipo dzenje lililonse lomwe mwakumba mulikwirire.

Golide asanapezeke dziko ili linali ndi eni ake, a Wongatha chakum'mawa kuno, a Wajarri ndi a Badimia cha ku Murchison, ndipo alipo mpaka lero m'matauni omwewa. Ofuna golide analanda zitsime zawo za m'matanthwe, zomwe zinkasunga mibadwo ndi mibadwo. Mukapeza chitsime chotero musasambemo kapena kutsukiramo mbale. Zojambula za pamiyala musazikhudze, ndipo munthu musamujambule musanapemphe. Mabotolo akale, zidutswa za mbale ndi zitsulo za m'mabwinja zisiyeni pomwe zili, ndipo matabwa a nyumba zakugwa si nkhuni. Tsiku lomwe boma lalengeza Total Fire Ban, moto wapanja ndi woletsedwa kotheratu.

Pali chinthu china chomwe ndimapempha aliyense. Malo ambiri ogona m'njira muno ndi aulere kapena otsika mtengo, ndipo amasamalidwa ndi makhonsolo a anthu ochepa kwambiri. Musadutse ndi zakudya za ku Perth zokhazokha. Idyani chakudya chamadzulo ku Grand Hotel ya ku Kookynie, gulani buledi ku Leonora, lipirani pakhomo la nyumba zosungiramo zakale. Zinyalala zanu nyamulani mpaka m'tauni, ndipo chimbudzi cha kalavani chikhuthulidwe pa dump point pokha, osati patchire kapena m'chimbudzi chokumba.

Pobwerera kuchokera ku Cue ndi makilomita oposa 600 pa Great Northern Highway, kudzeranso ku Mount Magnet, kenako Paynes Find, Wubin ndi Dalwallinu. Msewu umenewu ndi womwe malole opita ku migodi ya ku Pilbara amadutsa, choncho ma road train ndi akatundu aakulu ndi ochuluka kuposa konse komwe mwadutsa. Ugaweni masiku awiri. Thirani mafuta ku Mount Magnet, wailesi ikhale pa tchanelo 40, ndipo m'mawa uliwonse musananyamuke zungulirani kalavani: pini ya chokokera, maunyolo, nthambo ya magetsi, manati a mawilo, mawindo, ndi botolo la gasi kuti latsekedwa.